Pulatifomu ya kumbuyo kwa boti inkagwedera, koma chowola chenicheni chinali mkati mwa transom, khoma la kumbuyo lomangirapo injini

Anzanga amisiri a maboti, makamaka inu ogwira za faiba ndi matabwa kuno ku Tete, ndati ndilembe mmene ntchito iyi inayendera kuyambira pomwe vuto linaoneka mpakana boti kubwerera m'madzi, chifukwa ndi ntchito zija zimabwera ngati zazing'ono, munthu nkutchula mtengo pafoni, kenako potsegula nkupeza zina. Eni ake ndi kampu yawo sinditchula.

Botilo ndi la faiba, kutalika mamita 6 ndi pang'ono, injini yapanja ya mahosipawa 115, la kampu ina yaing'ono m'mbali mwa nyanja ya Cahora Bassa kumtunda kwa Songo, amatengera alendo kukawedza mcheni. Kumbuyo kuli mapulatifomu awiri, ina kumanzere kwa injini ina kumanja, yakumanzereyo ndi yomwe ili ndi makwerero. Kumaiko ena pulatifomu yotere ndi yotsikirapo anthu akafuna kusambira, kunoko palibe wanzeru zake angasambire pakati pa nyanja ija, ng'ona ndi mvuu nzambiri. Koma isapeputsidwe ayi. Pokoka nsomba yaikulu anthu amaponda pomwepo, woyendetsa amagwada pomwepo pochotsa ukonde kapena chingwe chomwe chakulungika pa pulopela, boti likakocheza chambuyo katundu amadutsira pomwepo, ndipo munthu akagwera m'madzi njira yake yobwerera m'boti ndi yomweyo basi. Nde ine ndikamva kuti pulatifomu ikugwedera sindiiona ngati nkhani ya maonekedwe.

Mbiri yake ili chonchi. Nyanjayi ndi yochita kutseka, damu linatha mu 1974 ndipo madzi anamiza nkhalango, mitengo yambiri ya tsanya ikadali chiimire pansi pamadzi poti mtengo umenewu suwola msanga. Ndi chilala cha 2024 madzi anatsika kwambiri, zitsa zomwe kale maboti ankangodutsa pamwamba osazidziwa zinafika pafupi. Achimwene omwe amayendetsa botili anandiuza kuti akubwerera chambuyo pang'onopang'ono pamalo pomwe amakocheza masiku onse, bulaketi ya pansi pa pulatifomu yakumanzere inagunda chitsa. Anapeza munthu wina pafupi nkuimanganso, ntchito nkumapitirira. Patapita kanthawi anayamba kuona zinthu zitatu, pampu yochotsa madzi pansi pa boti ikuyaka pafupipafupi pomwe kale inkakhala chete tsiku lonse, mzere wofiirira ukutsika pa gelcoat, khungu losalala la pamwamba pa faiba, kuchokera pamutu wa bawuti, komanso munthu akapondapo pulatifomuyo ikutsika pang'ono nkumalira. Iwowa ndi omwe anaumiriza abwana awo kuti boti lionedwe.

Abwanawo anandiimbira nkuti, amisiri mungosinthako thabwa la pamwambalo, zitsulozo zili bwinobwino, ndi zingati? Ndinawayankha kuti bwana, mtengo ndikuuzani boti likakhala pa thirela ndipo ndatsegula kumbuyoko ndaona ndi maso anga. Sanasangalale nazo koma analibweretsa, unali mwezi wa Novembala, kutentha kwa kuno mukukudziwa, masana kumapitirira madigiri 40.

Pulatifomuyo inali ya plywood yokutidwa ndi faiba. Faiba inali itang'aluka m'mbali ndi mozungulira masikuluwu a makwerero, ndipo nditaikanula mkatimo munali mwakuda, mofewa, kumangoyoyoka m'manja ngati gaga wonyowa. Apo abwana ananena zoona, imayenera kusinthidwa ndithu. Koma pomasula mabulaketi mpomwe nkhani inasintha. Mabawuti awiri a pamwamba anali a sitenilesi, limodzi linangoduka ndisanakoke nkomwe sipanala mwamphamvu, mutu wake ukuwala bwinobwino koma pakati pomwe linadutsa m'thabwa lonyowa linali litadyeka maenjemaenje. Sitenilesi imateteza yokha pomwe ikupeza mpweya, ikatsekeredwa m'thabwa lonyowa mopanda mpweya imadyeka chamkati osaonekera kunja, nchifukwa chake kuwala kwa mutu kusakupusitseni. A pansi, omwe anaikidwa pambuyo pa ngozi ija, anali masikuluwu akuluakulu achitsulo wamba ongopotokolera m'thabwa la transom osatulukira mkati, atapakidwa silikoni wa kubafa, ndipo malo ake anali pansi pa mzere wa madzi boti likalemedwa. Mkati munalibe puleti yogwiriza, mawasha ang'onoang'ono anali atamira mu faiba. Nditachotsa sikuluwu ya pansi munatuluka madzi a bulawuni onunkha, kumadontha kwa nthawi ndithu.

Apa ndinasiya kaye za pulatifomu. Transom ya maboti ambiri a faibawa ndi plywood yokhuthala yotsekeredwa pakati pa zikopa ziwiri za faiba, ndipo ndi yomwe imanyamula injini, kulemera kwake ndi mphamvu yonse yokankhira boti. Ikawola mutha kumangapo pulatifomu yokongola bwanji, mwamanga pa chinthu chakufa, komanso choopsa kwambiri si pulatifomuyo koma injini.

Ndinayeza njira zitatu. Choyamba kugogoda ndi kahamala kapulasitiki transom yonse kunja ndi mkati, pabwino pamalira mokweza ndipo hamala imadumpha, powola pamalira mogontha, ndikumalemba malire ndi maka. Chachiwiri ndinatukula injini mpaka pamapeto, mnyamata wanga nkutsamira ndi thupi lonse pa mwendo wa injini kumakankhira pansi ndi kusiya, ine maso ali pa mabawuti a injini ndi m'makona, transom sinapindike olo pang'ono ndipo panalibe ming'alu m'makonamo. Chachitatu ndinaboola timabowo ta mamilimita 6 kuchokera mkati, nditakulunga tepi pa biti kuti ndisatulukire kunja, ndikumaona utuchi womwe ukutuluka. Wakuda wonyowa womata pa chala, powola. Woyera wouma, pabwino. Panalinso pena utuchi woyera koma wozizira ndi chinyezi, apo thabwa likadali ndi mphamvu koma madzi afika. Powola penipeni panali pafupifupi masentimita 30 m'lifupi ndi 25 kutalika, kuzungulira mabowo a pansi aja, ndipo chinyezi chinafalikira kulowera ku injini koma chinalekezera patali ndithu ndi mabawuti ake. Kumanja kunali kouma, kupatula pomwe panamangidwa kachipangizo koonera nsomba pansi pa madzi ka fish finder ndi timasikuluwu topanda chomatira chilichonse, pamenepo panali kachinyezi kochepa.

Chinthu china chomwe ndinawauza abwana, kuwola kwakuda chonchija sikwa miyezi iwiri kapena itatu. Chitsa chija chinangokulitsa mabowo, koma madzi anayamba kulowa kalekale m'mabowo oyamba omwe anabooledwa m'thabwa losatetezedwa. Ndinanena izi chifukwa iwo amafuna kukankhira mlandu wonse kwa oyendetsa, pomwe munthuyo ndi amene anapulumutsa boti pakuumirira kuti lionedwe.

Chisankho chinali pakati pa kuchotsa plywood yonse ya transom kapena kudula powola pokha. Kukanakhala kuti kuwola kwafika pa mabawuti a injini, kapena transom inapindika poyesa paja, kapena utuchi wakuda unatuluka m'malo osiyanasiyana, sindikanavomera chigamba, ndikanati yonse kapena litengeni. Koma apa ndinapeza thabwa loyera lolimba mbali zonse kuzungulira bala, nde ndinasankha kudula. Ndinalowera mkati osati kunja, kuti chikopa chakunja ndi gelcoat yake zikhale zosakhudzidwa, ndi chomwe chimayang'anizana ndi madzi komanso kufananitsa mtundu wa gelcoat yakale yopsa ndi dzuwa ndi ntchito ina payokha. Zinafunika kuchotsa batire, thanki yamafuta ndi mapaipi ake onse kaye. Apa ndikupempha, galayinda musaiyatse m'boti mukadali fungo la petulo, tulutsani thanki, tsukani pansipo, musiye mphepo idutse.

Nditadula chikopa chamkati ndinakumba chowola chonse ndi tchizulo mpaka kufika pa thabwa lolimba, nkupitiriranso pang'ono, ndipo m'mphepete ndinasiya masitepe, osati kudula chindunji, kuti plywood yatsopano ilowe mosanjikizana mfundo zisakumane pamzere umodzi.

Kenako kuumitsa, ndipo apa mpomwe tinakokana kwambiri ndi abwana. Anali ndi alendo oti afika, nde amati dzuwa la kunoli tsiku limodzi basi thabwa lauma, tsekani. Pamwamba pamaumadi msanga, koma chinyezi cha mkati mwa plywood chimatuluka pang'onopang'ono kudzera m'mphepete momwe mwadulamo. Ndinaimika boti pansi pa lona, mphuno m'mwamba, chotsekera madzi chakumbuyo chochotsa, fani ikuuzira pabalapo. Madzulo ndinkamata kapulasitiki koonekera ndi tepi mbali zonse pa thabwalo, m'mawa nkukaona. Pakakhala timadontho mkati mwa pulasitikiyo ndekuti sipanaume. Ndinawatumizira chithunzi cha timadonthoto pa WhatsApp nkuwauza kuti bwana, ndikatseka lero ndatsekera madzi mkati, epoxy yomwe ndimatirayo sigwira pa thabwa lonyowa, ndipo kutenthaku kudzangofulumizitsa kuwola. Anakwiya, mpaka anati alitenga akapereke kwa wina, ndinati ufulu ndi wanu koma ine sinditseka. Pamapeto anabwereka boti kwa anzawo a kampu ina, lathuli nkukhala mpaka pulasitiki inayamba kutuluka youma m'mawa motsatizana.

Za rezini, mankhwala amadzimadzi omatira faiba ndi thabwa omwe amauma nkulimba. Yomwe imapezeka mosavuta m'masitolo a mumzinda wa Tete ndi polyester, ndipo yotchipa, koma pa chigamba chonyamula katundu ngati ichi ndinaitanitsa epoxy ngakhale inachedwetsa ntchito. Polyester yatsopano pa faiba yakale ndi pa thabwa sigwira mwamphamvu ngati epoxy, komanso imalola chinyezi kudutsa kuposa epoxy. Kumbukiraninso kuti epoxy imagwira pa polyester yakale yopalidwa bwino, koma polyester pamwamba pa epoxy ndiyosadalirika, nde mukayamba ndi epoxy malizani ndi epoxy ndi penti. Plywood ndinagwiritsa ya marine, yopangidwira maboti, osati ya shatala yothirira konkire.

Kutentha kwa kuno kumasintha kagwiridwe konse. Amene munazolowera polyester mumachepetsa catalyst, mankhwala ake oumitsira, kukatentha, ndi epoxy zimenezo ayi, muyezo wolembedwa pa chitini sausintha, mukachepetsa hardener, choumitsira chake, siuma bwino mpaka kalekale. Chomwe mumasintha ndi nthawi ndi kuchuluka kwake. Ndinkasakaniza pang'onopang'ono nkuthira msanga m'chiwiya chotambalala, chifukwa ikaunjikana m'kapu imadzitenthetsa yokha mpaka kufuka utsi ndi kusungunula kapuyo. Zitini zinkakhala pamthunzi m'beseni la madzi. Ndipo pali kanthu kena komwe ambiri sakadziwa, kupaka koyamba pa thabwa losapakidwa chitani madzulo kukamazizira, chifukwa m'mawa thabwa likamatenthedwa mpweya wa mkati mwake umatuluka nkupanga timathovu mu rezini, pomwe madzulo thabwa limakokera rezini mkati. Kumata zigawo za plywood ndi kuyala nsalu ya faiba ndinkachita m'bandakucha. Zigawozo ndinazimata ndi epoxy yokhuthalitsa, kuzifinya ndi timatabwa tokanikiza mpaka yotsala itatuluka m'mbali, kenako m'mphepete mwa chikopa chakale ndinapala motsetsereka, utali wa kutsetserekako kuwirikiza ka 12 makulidwe a chikopacho, nkuyala nsalu ya faiba ya mtundu wa biaxial mpaka kufanana ndi makulidwe akale. Mabowo akale a kunja ndi timabowo toyezera tonse ndinadzaza. Magolovesi ndi chotseka pamphuno popala faiba musamachite nazo ulesi, epoxy thupi likangoyamba kudana nayo ndi mpaka kale.

Tsopano pulatifomu yeniyeniyo. Abwana amafuna yofanana ndi yakale, ya faiba yotseka ponseponse. Ine ndinawalangiza ya timatabwa ta mlombwa tokhala ndi mipata pa felemu ya sitenilesi, mbali zonse ziwiri kuti zifanane. Zifukwa zake, nyanja ija mphepo ikauka mafunde amamenya pansi pa pulatifomu, komanso boti likachepetsa liwiro mwadzidzidzi funde lake lomwe limabwera kudzagunda kumbuyo, yotseka imalandira nkhonya yonseyo nkuipereka ku mabawuti pomwe ya mipata madzi amangodutsa. Gelcoat yonyowa yokhala ndi mamina a nsomba ndi yoterera, thabwa losapaka vanishi limagwira phazi. Ndipo thabwa limodzi likathyoka mumasintha lomwelo, kampu ili kutali ndi tauni, kalipentala aliyense atha kuchita. Kumaiko akunja amakonda mtengo wa teak, ife tili ndi mlombwa, sufufuma kapena kukhwinyata kwambiri ukanyowa ndi kuuma, ndipo si wolemera ngati tsanya, kumbuyo kwa boti kuli kale injini, batire ndi mafuta nde kilo iliyonse ndiyofunika kuiganizira. Koma sankhani mtima wa mtengo wokhawokha, wofiirira uja, choyera cha m'mbali chimafumbwa ndi kuwola msanga, ndipo thabwalo likhale louma komanso logula kwa munthu wokhala ndi mapepala a chilolezo. Ndinapala makulidwe mamilimita 25, mipata ya 12, chala chakuphazi cha mwana chisalowe, m'mphepete mozungulira, nkupaka mafuta a matabwa basi.

Ndisanapite kwa owotcherera ndinadula katoni nkuyesa paboti pomwepo, injini kuitembenuza mpaka kumapeto kumanzere ndi kumanja, ili pansi komanso itatukulidwa yonse, ndikuona kuti zingwe ndi mapaipi sizikukhuza pena paliponse. Transom siima chilili, imapendekera kumbuyo, nde ngodya ya bulaketi muitenge paboti osati kungoganiza kuti ndi sikweya, ndipo pulatifomu itsetsereke pang'ono chakumbuyo madzi asamaime. Mzere wa madzi ndinautenga pa chizindikiro cha ndere chomwe chinatsala pa boti, nkuwafunsanso achimwene oyendetsa aja kuti alendo atatu akaunjikana kumbuyo pokoka nsomba madzi amafika pati, anandilozera ndi chala pamwamba ndithu pa mzere wa nderewo. Potengera pamenepo ndinakweza pulatifomu masentimita 8 ndi kufupikitsa miyendo ya mabulaketi, mabowo onse atsopano nkukhala pamwamba pa madzi. Kwa ine ichi ndi chisankho chachikulu pa ntchito yonseyi.

Felemu inali ya sitenilesi ya mtundu wa 316. Kwa amisiri owotcherera ndinapempha zinthu ziwiri, ndodo zowotcherera za 316 zomwezo, ndi disiki yatsopano yomwe sinakhudzepo chitsulo wamba, chifukwa tizidutswa ta chitsulo wamba tikalowa mu sitenilesi dzimbiri limayambira pomwepo. Mabawuti a M10, ndiye kuti makulidwe mamilimita 10, pamutu polembedwa A4. Maginito sangakusiyanitsireni 304 ndi 316, werengani pamutu, A2 ndi 304, A4 ndi 316. M'madzi opanda mchere ngati athuwa A2 imapirira ndithu, koma pa bawuti lobisika mu transom lomwe palibe adzalione zaka zambiri ndalama yowonjezerayo ndiyochepa.

Mabowo ndinachita chonchi, ndipo ndikanakonda aliyense woboola transom azichita chomwechi olo akumanga kanthu kakang'ono. Kuboola bowo la mamilimita 20, kunyowetsa thabwa la mkati ndi epoxy yamadzimadzi, kudzaza ndi yokhuthala, kusiya iume, kenako kuboolanso pakati ndi biti ya 10.5. Bawuti limadutsa mu epoxy osakhudza thabwa, tsiku lina chomatira chikadzatopa madzi sadzapeza plywood, komanso pomanga nati transom siphwanyika. Kunja pakamwa pa bowo ndinakuza pang'ono kuti chomatira chipange mkombero, chomatiracho cha polyurethane, Sikaflex 291, osati silikoni, komanso osati zija zogwira mpaka muyaya poti tsiku lina wina adzafuna kumasula. Mkati puleti ya sitenilesi ya mamilimita 6 yogwira mabawuti onse a bulaketi imodzi, makona ozungulira, itakhazikika pa epoxy yokhuthala kuti igone mofanana. Manati a nyloc, aja osamasuka okha, kamafuta pa mazinga poti sitenilesi pa sitenilesi imagwirana nkukanika kumasuka. Mnyamata anagwira mutu wa bawuti kunja osalola kuti lizungulire, ine nkumazunguza nati mkati, bawuti likazungulira limang'amba chomatira. Ka fish finder kaja ndinakamanga pa kapuleti komatidwa ndi guluu, masikuluwu osafika mu transom, ndipo poti injini inali pomwepo mabawuti ake tinawachotsa limodzilimodzi nkuwamatanso, thabwa lake linali louma.

Makwerero ndinasintha. Akale anali ndi sitepe imodzi yokha yolowa m'madzi ndipo anali omangidwa ndi chingwe pamwamba, munthu ali m'madzi sakanatha kuwatsitsa yekha. Atsopanowa amatsika masitepe atatu pansi pa madzi, munthu ali m'madzi atha kuwakoka ndi dzanja limodzi, ndipo ndinaonjezera chogwirira pamwamba pa transom. Ndinawakumbutsa oyendetsa ndi anyamata awo kuti munthu akakhala pa makwerero kapena akuchotsa ukonde injini izimitsidwe ndithu, kiyi ndi kachingwe kozimitsira zichotsedwe, kuika pa nyutirolo sikokwanira, komanso mlendo asamakhale pa pulatifomu injini ikulira, utsi wake uli ndi carbon monoxide yomwe simveka fungo.

Tisanalowetse m'madzi amuna awiri anaima pa pulatifomu iliyonse nkumadumphadumpha, ine ndili mkati dzanja pa puleti, palibe chinasuntha. Pamadzi tinaumitsa pansi ponse nkuyala mapepala pansi pa mabawuti, tinathamanga, kuima mwadzidzidzi, kubwerera chambuyo, mapepala anatuluka ouma. Masiku oyamba mlombwa unatulutsa kamtundu kofiirira pa gelcoat, abwana anaimba foni kuti dzimbiri layambanso, ndinawauza atsuke ndi sopo aone, kanachoka ndipo patapita kanthawi kanasiya.

Mvula itatha boti linabweranso kudzaonedwa monga tinagwirizana. Manati awiri analola kukoka pang'ono, ena onse anali momwemo. Kugogoda kunalira bwino pachigamba ndi mozungulira, kuphatikiza mbali ija ya chinyezi yomwe ndinaisiyira mzere wa maka mkati kuti wodzaona pambuyo adziwe poyambira. Thabwa limodzi linali long'aluka, anagwetserapo nangula, kalipentala wa kumudzi komweko anali atadula kale lina potengera lakalelo, ine ndinangosintha masikuluwu omwe anaika poti anali achitsulo wamba. Pampu yabwerera kukhala chete.

Kampu yomweyo ili ndi boti lachiwiri la mtundu womwewo, logulidwa nthawi imodzi, ndipo pa chithunzi chomwe oyendetsa ananditumizira mzere wofiirira uja ukuoneka pansi pa bawuti lakumanja. Ndawauza abwana kuti alitulutse ndiligogode, akuti adikire kaye alendo achepe. Pakadali pano ndawapempha achimwenewo kuti pa pulatifomu imeneyo pasaponde munthu, ndipo aziyang'ana mabawuti a injini m'mawa uliwonse asananyamuke.